Njinga yanga ikufuka utsi ndi kumwa oyilo: ndiikonze kapena ndiigulitse n'kugula galimoto?

"Ndine mphunzitsi pasukulu ina chakumtunda kwa Mtakataka m'boma la Dedza. Ndili ndi njinga yamoto ya Boxer 150 yomwe ndinagula yatsopano zaka zitatu zapitazo. Kwa miyezi ingapo tsopano ikutulutsa utsi wabuluu, oyilo ndikuwonjezera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ndikamakwera Khwekhwerere kupita ku boma ndikumachita kutsikira giya yachiwiri pamalo pomwe kale ndinkadutsa ndi yachitatu. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija ndinkathira petulo wa m'zigubu. Makaniko wa patauni pathu anangoimva kulira n'kunena kuti injini yatha, tiiphwasule yonse. Alamu anga akuti ndisataye ndalama, ndiigulitse, ndiwonjezerepo ngongole ndigule Vitz yawo ya 2007. Mayi akunyumba nkhani ya galimotoyi aikonda chifukwa cha ana. Ndichite chiyani?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Pa zonse mwafotokozazi palibe chimene chikundiuza kuti njinga yanu yafa. Boxer 150 ili ndi injini ya silinda imodzi yozizira ndi mphepo, yopanda ladiyeta, ndipo zimene zimabweretsa utsi wabuluu pafupifupi zonse zimakhala kumtunda kwa injiniyo: pisitoni, maring'i (timphete tachitsulo tozungulira pisitoni) ndi mavaluvu (titseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya m'silinda). Zimenezi zimafikirika popanda kung'amba injini pakati, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa kiranki ndi giyabokosi zimene zili kumunsi. Makaniko wanuyo mwina akunena zoona kuti pali chimene chatha, koma khutu lokha silingamuuze kuti chathacho n'chiti. Pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira sipanala ndaona njinga zambiri zikuphwasulidwa zonse pomwe vuto linali oyilo wopyola muyezo kapena timasili tiwiri ta mavaluvu, timphira toletsa oyilo kulowa m'silinda.

Tiyambe ndi zosalira ndalama. Mwati mukuwonjezera oyilo sabata iliyonse. Mumathira mutayeza, kapena mumangothira poopa kuti watha? Injini imeneyi imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi, choncho ngakhale theka la kapu lopyolera limasokoneza zinthu. Imikani njinga pa sitandi yapakati pamalo osapendekeka, muizimitse, mudikire mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi, ndiye muyeze. Oyilo akapyola mzere wapamwamba, kiranki imamumenya n'kumusandutsa thovu, ndipo wina amakankhidwira m'kapaipi kopumira injini n'kukathera m'bokosi la fyuluta ya mpweya. Kuchoka pamenepo amayamwidwa kudzera m'kabuleta n'kukapsa pamodzi ndi petulo, utsi wake wabuluu womwewo. Tsegulani bokosilo, mukapeza oyilo atadekha pansi pake ndiye kuti mwapeza poyambira. Muonenso ngati sakuthawira kunja: pa bauti yotsitsira oyilo, kuseri kwa sipuloketi yakutsogolo, ndi pamene hedi (chivindikiro cha pamwamba pa injini) imakumana ndi buloko (chigawo chimene muli silinda). Fumbi lakuda lonyowa lomatirira pamalo amodzi limaloza pamene akudontha. Yalani katoni pansi pa njinga usiku, m'mawa muonepo.

Kenako pemphani mnzanu akutsateni pambuyo ndi njinga ina, aone nthawi imene utsiwo umatuluka, chifukwa nthawi yake ndi imene imaulula gwero. Ukamatuluka wambiri mukangoliza m'mawa kenako n'kuchepa injini ikatentha, tiganizire masili a mavaluvu. Timphira timeneti tikauma, oyilo amatsetserekera m'silinda usiku wonse n'kudzapsa m'mawa. Msewu wanu wa Khwekhwerere ndi malo abwino oyeserapo zimenezi: potsika mumayenda mtunda wautali moto uli wotseka, injini ikugwira yokha, ndipo pamenepo imayamwa oyilo mwamphamvu kudzera m'masili otha. Mukafika kumunsi cha ku Golomoti n'kutsegula moto, kumbuyo kukatuluka chiutsi kamodzi n'kuleka, masiliwo ndiye olakwa. Koma ngati utsi ukuchuluka nthawi zonse mukamakoka, makamaka pokwera ndi katundu, ndipo sukuleka ngakhale injini yatentha, ndiye kuti maring'i kapena khoma la silinda zadyeka. Utsi wakuda wonunkha petulo ndi nkhani ina, ya kabuleta kapena fyuluta yotsekeka, ndipo kautsi koyera ka m'mawa wa Juni ku Dedza ndi nthunzi chabe.

Masulaninso pulagi muione kumapeto kwake. Yabwino imakhala youma, ya mtundu wofiirira. Yakuda youma ngati mwaye ikusonyeza kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya. Yakuda yonyowa yonanda, yokhala ndi zinyenyeswa zolimba, ndiyo ya injini yomwe ikuwotcha oyilo.

Mukatha zimenezi ndi pamene mukufunika makaniko, ndipo mumupemphe chinthu chimodzi asanamasule bauti iliyonse: ayeze kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, pogwiritsa ntchito geji. Amaika gejiyo pa bowo la pulagi, kutsegula moto wonse n'kukika kangapo. Muyezo ukakhala wotsika, athire kasupuni kakang'ono ka oyilo m'bowomo n'kuyezanso. Ukakwera kwambiri, maring'i ndi amene akuthawitsa mphamvu, chifukwa oyiloyo watseka mipata kwa kanthawi. Ukapanda kusintha, mpweya ukuthawira m'mavaluvu kapena pa gasiketi ya hedi. Ntchito imeneyi siitenga ngakhale theka la ola, koma imasiyanitsa pakati pa kugula masili ndi kugula pisitoni. Ngati patauni panu palibe amene ali ndi geji, ndi bwino kukaifuna ku Dedza boma kapena ku Salima kusiyana n'kulola kuti injini itsegulidwe mongoganizira.

Tsono funso limene ine ndimalitenga kukhala lalikulu kuposa onse ndi lakuti: n'chifukwa chiyani maring'i a njinga ya zaka zitatu atha? Injini zimenezi zikasamalidwa zimayenda nthawi yaitali zisanafune kutsegulidwa, ndipo imene yatha msanga kawirikawiri yadya fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, misewu yathu yadothi imakhala ufa wokhawokha, ndipo aliyense woyenda pambuyo pa lole kapena ngolo amapuma fumbi limenelo, iye ndi njinga yake yomwe. Fumbi likalowa m'silinda n'kusakanikirana ndi oyilo limagwira ntchito ngati sandipepala, kupala maring'i ndi khoma la silinda pa kukwera ndi kutsika kulikonse kwa pisitoni. Chimene chimaliletsa ndi fyuluta ya mpweya yokha, kanthu kotchipa kamene anthu ambiri sakatsegula n'komwe chigulireni njinga.

Chotsani fyulutayo muiyang'anitsitse padzuwa. Ngati ndi ya siponji, muone ngati sinang'ambike kapena kufumbutuka m'mbali. Siponji imachapidwa ndi palafini kapena madzi a sopo, kuifinya osaipotokola, kuiyanika mpaka iume bwinobwino, kenako kuipaka oyilo pang'ono n'kufinya wotsalayo. Anthu ambiri amalumpha kupaka oyiloku, osadziwa kuti siponji youma imagwira zinyalala zikuluzikulu zokha, fumbi losalala limadutsa. Ngati ndi ya pepala, siichapidwa. Ikada mumagula ina. Mukatero pisani chala kuseri kwa fyuluta, m'kapaipi kamphira kopita ku kabuleta, mupukute mkati. Chala chikabwera ndi timchenga tokhakhala, ndiye kuti fumbi lakhala likulowa mu injini, kaya kudzera m'fyuluta yobooka, m'mphira wong'aluka, kapena pa kilampu yokhwepa. Mukaika maring'i atsopano osatseka njira imeneyi, chaka chisanathe mudzandilemberanso kalata yomweyi. Ndimamva chisoni ndi anyamata ena a kabaza amene amachotseratu fyuluta ati kuti njinga izilira mwamphamvu; amasangalala miyezi iwiri, wachitatu ali pagalaja.

Chachiwiri ndi oyilo mwiniwakeyo. Kuwonjezera si kusintha, aphunzitsi. Munthu amene njinga yake ikumwa oyilo amayamba kuganiza kuti popeza akuthira watsopano sabata iliyonse palibe chifukwa chotsitsira wakale, pomwe zinyalala zonse zimatsalira momwemo n'kumachulukirachulukira. Mu injini yozizira ndi mphepo oyilo amatentha kwambiri, ndiponso ndi yemweyo amene amasambitsa magiya ndi kilatchi, choncho amatopa msanga kuposa wa m'galimoto. Buku la njinga litha kunena mtunda wotalikirapo, koma kwa munthu woyenda m'fumbi ndi m'mapiri ngati inu ndimalangiza kusintha pa makilomita 2,000 mpaka 3,000, n'kumatsukanso kasefa ka oyilo. Gulani 20W-50 wa njinga zamoto, wolembedwa 4T ndi JASO MA (chizindikiro chakuti sachititsa kilatchi kutsetsereka) pabotolo, botolo lake lomata bwino. Oyilo wogulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa m'mbali mwa msewu simungadziwe kuti wachokera mu injini ya ndani.

Nkhani ya JASO MA ikukhudzanso dandaulo lanu la pachitunda. Ena mwa maoyilo a galimoto ali ndi mankhwala owonjezera kuterera, amene m'galimoto ndi abwino koma m'njinga amachititsa kuti kilatchi izitsetsereka. Yesani chonchi: muli mu giya yapamwamba pa liwiro lochepa, tsegulani moto mwadzidzidzi. Injini ikakuwa koma njinga osawonjezera liwiro mofanana ndi kukuwako, kilatchi ndi imene ikuba mphamvu, ndipo mwina kebulo yake yangokungika kwambiri kapena mapuleti atha. Injini yofooka simakuwa, imangolemedwa n'kumamira.

Za petulo wa m'zigubu sindikudzudzulani. Nthawi imeneyo aliyense ankachita zomwe akanatha kuti afike kuntchito. Koma petuloyo atha kukhala kuti anathandizira kuwononga injini. Vuto loyamba ndi palafini amene ena amasakanizamo kuti achuluke. Palafini sapsa bwino mu injini ya petulo: amachititsa kuti izigogoda pokwera, amatsuka oyilo pakhoma la silinda, ndipo wina amatsikira pansi n'kusungunula oyilo yense. Nunkhizani oyilo wa mu injini. Akamanunkha mafuta ndiponso ali wamadzimadzi, mutsitseni lero lomwe. Mukadzakakamizikanso kugula m'zigubu, donthezani pang'ono papepala loyera: petulo weniweni amauma osasiya chizindikiro, wosakaniza ndi palafini amasiya banga lamafuta. Vuto lachiwiri ndi madzi. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inadzabwera mu 2004. Ethanol payekha sawononga injini yanu, koma amakoka chinyezi, ndipo petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amatha kukhala ndi madzi pansi. Thirani m'botolo loonekera mkati, mudikire pang'ono, madzi adzaoneka atadekha pansi. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kotsitsira zotsalira. Kamasuleni muone zimene zituluke, ndipo mutsukenso kasefa ka pa tapu ya thanki.

Palinso tina timene timaba mphamvu mwakachetechete. Mpata wa mavaluvu utha kuchepa pakapita nthawi, ndipo valuvu yothina siitseka bwino, imathawitsa kompuresheni, mapeto ake imapsa. Mpatawu ndi wochepa kwambiri, suyezedwa ndi diso kapena khutu koma ndi timasamba tachitsulo toyezera, injini ili yozizira, motsatira muyezo wa m'buku. Tcheni chouma kapena chokungika kwambiri, mabuleki ogwira, ndi matayala osakhuta mpweya, chilichonse chimachotsako pang'ono. Njinga ili pa sitandi, zungulizani tayala lililonse ndi dzanja. Liyenera kuzungulira lokha kangapo. Musaiwalenso kuti ulendo wanu umachokera kuchigwa cha kufupi ndi nyanja kukathera ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka. Injini iliyonse imafookerako kumeneko, choncho yomwe yayamba kutha imaonekera pa Khwekhwerere isanaonekere kwina kulikonse.

Tinene kuti geji yatsimikiza kuti ndi maring'i. Apa m'pamene ambiri amataya ndalama kawiri. Makaniko amachotsa hedi ndi buloko, kuveka maring'i atsopano pa pisitoni yakale, kubwezera, ndipo njinga imaleka kufuka kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Chifukwa chake n'chakuti silinda yodyeka siikhalanso yozungulira bwino, imakula kumtunda kumene maring'i amagwira ntchito kwambiri, ndipo ring'i yatsopano singatseke bowo lopotoka. Buloko ikachotsedwa, pititsani chikhadabo mkati: mukamva mizere yokola kapena kakhonde kumtunda, pafunika kukaiboola kwa a makina, kuti ilandire pisitoni yokulirapo pang'ono, ya mamilimita 0.25 kapena 0.50, ndi maring'i ake. Ntchito imeneyi imachitika m'mashopu a injiniyaring'i a m'tauni monga ku Lilongwe, ndipo mumapita ndi buloko pamodzi ndi pisitoni yatsopanoyo kuti aboole moyeza pa iyo. Njira ina ndi kugula buloko, pisitoni ndi maring'i zonse pamodzi. Funsani mitengo ya njira ziwirizi, koma samalani ndi zotchipa mopitirira. Pamsika pali sipeya wofanana maonekedwe ndi weniweni koma chitsulo chake chofewa. Hedi ili pansi choncho, sinthiranitu masili a mavaluvu, mavaluvuwo apalidwe kuti akhale bwino pamipando yawo, magasiketi onse akhale atsopano, ndipo aonenso tcheni cha taiming'i. Khalani pomwepo pamene akugwira ntchito, ndipo zitsulo zakale akupatseni m'manja.

Ikatuluka pagalaja muiyendetse mofatsa makilomita 500 oyambirira, osatsegula moto wonse, osanyamula matumba a chimanga, osaikakamiza pa giya yapamwamba pachitunda, kenako mutsitse oyilo. Maring'i atsopano amafuna nthawi kuti akhazikike pakhoma, ndipo oyilo woyambayo amatuluka ndi tizitsulo tosalala tambiri.

Tsopano za Vitz ya alamu anu. Mayi akunyumba sakulakwa. Njinga yamoto si chonyamulira banja, ndipo ndikaona bambo, mayi ndi ana awiri pa njinga imodzi, chipewa chili pamutu pa bambo okha, thupi limandichita nyesi. Mvula ikugwa, kapena mwana akadwala usiku, galimoto ndi galimoto. Funso langa ndi lakuti kodi galimoto imeneyi, panthawi ino, yogula ndi ngongole, malipiro a mphunzitsi angaidyetse?

Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Pa mtunda womwewo Vitz imamwa petulo pafupifupi katatu kuposa Boxer yanu, ndipo mafuta akasowa simungaikankhe kupita nayo kunyumba kapena kuikhutitsa ndi malita awiri. Posintha oyilo imalowa malita opitirira atatu ndi fyuluta yake. Matayala ndi anayi, lachisanu lapadera. Pali batire lalikulu, inshuwalansi yokwererapo, COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ku Road Traffic, ndi kulipira pa toll gate ya Kalinyeke mukamadutsa pa M1. Laisensi ya njinga siikulolani kugwira chiwongolero; mufunika ya Code B, kutanthauza sukulu yoyendetsa ndi mayeso. Sipeya yense wa galimoto amachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake mwaiona nokha mmene yakhalira. Pamwamba pa zonsezi muikepo ngongole yodulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi. Ndaona magalimoto ambiri abwinobwino atakhala pamiyala kuseri kwa nyumba za aphunzitsi ndi anamwino, osati chifukwa chowonongeka kwambiri, koma chifukwa tayala ndi batire zinafera mwezi umodzi ndi fizi ya ana.

Ganiziraninso msewu wochoka kusukulu kwanu kukafika patala. Vitz inapangidwira misewu ya m'mizinda ya ku Japan, ndi yaifupi pamimba, ndipo pamsewu wokumbika ndi madzi chimene chimayamba kugunda miyala ndi sampu ya oyilo ndi ekizozi. Pamene Boxer imadutsa m'kanjira ka m'mbali mwa matope, Vitz imafuna anyamata oikankha. Ya 2007 imabwera kawirikawiri ndi injini ya 1.0 ya masilinda atatu, yotchedwa 1KR-FE, kapena ya 1.3. Ya 1.0 ndi yosamwa mafuta, koma muikemo anthu asanu ndi katundu pa Khwekhwerere mudzamva mmene ikulirira. Zambiri mwa zimenezi zili ndi giyabokosi ya CVT, imene ilibe magiya enieni koma lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri. Giyabokosi imeneyi imafuna oyilo wakewake wa CVT, ndipo ambiri aipha poithira ATF, oyilo wamba wa magiyabokosi a otomatiki. Simakondanso kuvutitsidwa m'matope, tayala likuzungulira pamalo amodzi. Ikafa, amakaniko ambiri saikonza, amangokuuzani kuti mugule ina yathunthu, ndipo mtengo wake utha kukugulirani njinga ina.

Ngati mtima uli pomwepo ndithu, galimotoyo iyesedwe ngati mukugula kwa mlendo. Pitani m'mawa isanalizidwe, mugwire injini mutsimikize kuti ndi yozizira, ndipo muilize nokha mukumvetsera. Mukatembenuza kiyi, nyali ya injini pa dashibodi iyenera kuyaka kenako n'kuzima injini ikalira. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anaithimitsa dala. Tsegulani chotsekera cha oyilo: phala loyera kunsi kwake litha kusonyeza kuti madzi akulowa mu oyilo. Muone madzi a mu ladiyeta ngati ali oyera bwino kapena adzimbiri. Poyenda, imani pachitunda n'kunyamukanso pang'onopang'ono. Kunjenjemera, kuchedwa kugwira kapena kulira kwa mluzu ndi zizindikiro za CVT yotopa. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira, mumvetsere kugogoda kutsogolo. Kenako ipite kwa makaniko wa magalimoto amene mwasankha inuyo, osati wa alamu anu, aikweze aione pansi ndiponso aiike pa kompyuta. Nambala ya chasisi igwirizane ndi ya pa buluu buku, dzina la pa bukulo likhale la amene akukugulitsaniyo, ndipo kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike nthawi yomweyo, osati "tidzapanga, ndife amodzi". Mugwirizane mtengo polemba, pakhale mboni. Kunena zoona, malonda apachibale ndimawaopa: galimoto ikafa patatha milungu itatu, simungathe kudandaula momasuka, ndipo amene amakhala pakati ndi mayi akunyumba. Muwafunsenso alamuwo, mwaulemu, chifukwa chimene akuigulitsira ndi tsiku limene anasintha oyilo wa giyabokosi.

Maganizo anga ndi akuti konzani njinga. Ngakhale mutasankha kuigulitsa, njinga yofuka utsi ogula amaigwetsa mtengo kuposa ndalama imene mukanaikonzera, ndipo anyamata a kabaza amadziwa kutsitsa. Ikachira, yesani izi kwa miyezi isanu ndi umodzi: mwezi uliwonse patulani ndalama yofanana ndi imene mukanadulidwa pa ngongole, muwonjezerepo ya mafuta a galimoto, muisunge osaikhudza. Mukakwanitsa pakhomo osagona ndi njala, ndiye kuti galimoto mungaithe, ndipo mudzakhala muli kale ndi poyambira popanda kugulitsa njinga. Ambiri amene zikuwayendera kumudzi ali ndi zonse ziwiri: njinga ya kuntchito tsiku ndi tsiku, galimoto ya banja Loweruka ndi Lamlungu. Pakadali pano ana asakwere njinga opanda chipewa chowakwana, ndipo asakwere awiri.

Pali zizindikiro zingapo zimene zikaoneka musadikire Loweruka. Potsitsa oyilo, mulandireni m'mbale yoyera n'kumuyang'ana padzuwa: akamanyezimira ndi tizitsulo tambiri, kapena mukapeza tizidutswa pa kasefa, vuto lafika kumunsi. Chimodzimodzinso mukamva kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini kumene kumakula mukatsegula moto, kapena njinga ikadzangolimba mwadzidzidzi muli paulendo n'kudzamasukanso itazizira. Buloko ikachotsedwa, makaniko agwire konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kiranki, aikokere m'mwamba ndi pansi. Kugwedezeka cham'mbali pang'ono n'kwachibadwa, koma kusewera kokwera ndi kutsika kukutanthauza kuti beling'i ya kiranki yatha, ndipo pamenepo m'pamene mawu ake oti tiphwasule yonse angakhale oona. Zikatero musaikwere kupita nayo kugalaja, makamaka kudzera m'mapirimo, chifukwa injini ikagwira muli pakona tayala lakumbuyo limaima nthawi yomweyo. Ikwezeni pa lole kapena pikapu, ndipo ntchito yong'amba injini pakati muipereke kwa makaniko amene ali ndi zida zochotsera fulaiwilo ndi sipanala yoyeza kulimba kwa mabauti, ngakhale zitatanthauza kupita nayo ku Lilongwe.